Amayi, ine sindilowa pansi

Moranbah, Queensland

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Ndirande. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga.

Achemwali andiuza pa WhatsApp kuti chimvereni zoti ndikugwira ntchito pa mgodi wa malasha, tulo simukuona. Mapempherowo musasiye, koma mtima ukhale pansi. Ndaona kuti ndilembe, chifukwa pa foni timangothera moni basi netiweki yadula. Mphwanga akuwerengereni pang'onopang'ono.

Ine sindilowa pansi. Ntchito yanga ili kunja, pa injini, ndipo ndi yomweija ndinkagwira pa galaja ku Limbe: mapulagi, mavavu, oilo, mafyuluta. Kusiyana kwake n'kwakuti injini za kuno siziyendera dizilo. Zimayendera mpweya wochokera m'malasha, wotchedwa methane. Ife timangoti gasi.

Gasiyu anapangika limodzi ndi malashawo, pamene zomera zinakwiririka pansi zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Saoneka, sanunkha. Makina akayamba kuswa malasha, amatuluka ngati mmene limachitira thobwa logona mukamasula chitsekerero cha botolo. Akachuluka mumgodi kufika pakati pa magawo 5 ndi 15 pa 100 alionse a mpweya, kamoto kakang'ono, ngakhale kothetheka chitsulo chikakhula mwala, kamaphulitsa. Fumbi la malasha likagwira nalonso, moto umathamanga mgodi wonse.

Chimene chikukuopsani ndikuchidziwa. Ndi nkhani ija agogo aamuna ankaikamba ya ku Wankie, kumene masiku ano amati Hwange. Pa 6 June 1972 mgodi wa Kamandama unaphulika, munafa anthu oposa 400, ena mwa iwo Amalawi anzathu amene anapita kukasaka ndalama monga ndachitira inemu. Ambiri anawatsekera momwemo, makolo awo sanaone ndi maliro omwe. Sindikunamizani kuti kuno zotere kulibe. Ku Moura, m'chigawo chomwe chino, munafa amuna 11 mu 1994, ndipo mu 2020 anthu asanu anapsa kwambiri pa mgodi wa Grosvenor, pafupi ndi tauni ino. Anzanga olowa pansi amayenda ndi kachipangizo koyezera gasi pa lamba, ndipo makina amazima okha gasi akakwera.

Ndiye chimene amachita n'kumuchotsa gasiyo anthu asanafikepo. Amaboola mabowo aatali m'kati mwa malasha amene sanakumbidwe, ena amaboola kuchokera pamwamba kulunjika pamene anakumba kale ndipo denga linagwa. Mapampu amakoka gasi usana ndi usiku, n'kumutumiza m'mapaipi mpaka kwa ife. Timayamba tamuchotsa madzi ndi fumbi, kenako alowe mu injini za masilinda 20, injinizo zizungulitse majenereta, magetsi alowe m'mawaya. Phokoso lake, Amayi, munthu sulowamo wopanda zotseka m'makutu, timalankhulana ndi manja.

Chovuta n'chakuti gasiyu sabwera mofanana. Lero ali wamphamvu, mawa wasakanikirana ndi mpweya wamba chifukwa pansipo afika pena. Injini imayamba kugogoda, ndipo munthu wozolowera amamva kompyuta isananene. Akachepa mphamvu kwambiri sitimulola n'komwe, chifukwa wayandikira pa mlingo wophulika uja. Akachuluka kuposa mmene injini zingamwere, wotsalayo amamuyatsa pa chumuni chachitali. Motowo umandipweteka mtima ndikauona usiku, poganiza kuti inu mwina mukusenda mbatata pa kandulo.

Musaganize kuti ndi timagetsi tochepa. Kum'mwera kwa Sydney, pa migodi ya Appin ndi Tower, anaika injini 94 mu 1996, iliyonse yotulutsa pafupifupi megawati imodzi. Ku China, pa mgodi wa Sihe, amapanga mamegawati 120. Mukumbukire kuti namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022, Malawi anataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima wake munauona nokha. Zochuluka chonchi ena akuzipeza kuchokera ku chinthu chimene kale ankangochitaya kumwamba.

Kutaya kumeneko kuli ndi mlandu wakenso. Akatswiri amati methane amasunga kutentha padziko kuwirikiza ka 28 kuposa carbon dioxide, mpweya uja umatuluka zinthu zikamayaka, pa zaka 100. Ukamuotcha mu injini amasanduka carbon dioxide ndi nthunzi ya madzi, kuononga kwake kumachepa kwambiri. Kale nkhani zoterezi ndinkaziona ngati za anthu ophunzira, mpaka Freddy atagumula Soche mu March 2023, ine ndili kuno kuimba mafoni osayankhidwa, ndikuona zithunzi za ku Chilobwe. Nyanja ikatentha, mvula ya namondwe imachuluka. Komabe ntchito yanga sindingaikometse mopitirira. Gasi wambiri amathawabe kudzera m'mafani aakulu opemerera mgodi, ndipo mmenemo amakhala wosafika gawo limodzi pa 100, wochepa kwambiri kuti injini zathu zimuyatse. Malasha enieniwo amakwera sitima kupita ku Japan ndi ku India kukasungunula zitsulo, utsi wake n'kukwera chimodzimodzi. Ife tikungochepetsako.

Tsopano funso la mphwanga, loti bwanji kwathu sitichita zomwezi poti malasha tili nawo ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi. Mphwanga, migodi yathu ya ku Rumphi ndi yaing'ono, ndipo gasi wokwanira kuyendetsa injini zambiri amapezeka m'migodi yakuya, yokumba malasha ochuluka tsiku lililonse. Zimenezo tisaziyembekezere msanga. Koma methane sachokera m'malasha mokha. Zinyalala zikamaola zitaunjikana, monga ku Mzedi, zimatulutsa gasi yemweyu, ndiye chifukwa chake moto wa pamtaya suzima msanga. Ndowe za ng'ombe ndi zam'chimbudzi zimatulutsanso yemweyu. Kuno mitaya ina anaikwirira, anaboola, anaika mapaipi, ndipo injini zake ndi za mtundu womwewu ndikukonzawu. Ndikaganiza za anyamata okankha matumba a makala pa njinga kuchokera ku Neno, mapiri akutha, ndimaona kuti kumeneko n'kumene Blantyre angayambire. Ndiye sukuluyo ku Soche Technical usaisiye chifukwa anzako akupanga ndalama pa kabaza. Ulimbikire za mawaya ndi majenereta. Mabuku anga akale a kuno ndikutumizira akamabwera mnzanga wina pa Khirisimasi.

Amayi, ndalama ndatumiza kwa achemwali. Muyambe mwalipira fizi ya mphwanga ndi mankhwala anu a BP. Yotsalayo mugule batire la sola, lakale lija akuti silikusunganso moto, ndipo musagule la pamsewu. Za denga tikambirana mwezi wamawa mvula isanayambe.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali aku Chilomoni ndi amayi a Mvano onse. Muwauze kuti popemphera azikumbukiranso anzanga olowa pansi aja.

Ndine mwana wanu.