Lipoti la msonkhano wa eni njinga zamoto zakale ku Johannesburg

A tcheyamani ndi amakaniko anzanga, zikomo pondituma. Nkhani yomwe inatenga nthawi yaitali ndi ija imatisowetsa mtendere pagalaja: njinga yakale ya ku Britain taisinthira magasiketi, koma sipachedwa yayambanso kudontha oyilo.

Gwero lake ndi mpweya wa mu crankcase, chibokosi cha kunsi kwa injini, pansi pa mapisitoni. Pa Triumph Bonneville ya 650cc, yomwe inatuluka mu 1959, komanso pa Norton Commando, mapisitoni awiri amakwera limodzi n'kutsikanso limodzi. Potsikapo amapanikiza mpweya wonse wa kunsi, ndipo amatero injini ikazungulira ulendo uliwonse. Maring'i a mapisitoni akatha, utsi umazemberanso komweko. Mpweyawo ukasowa potulukira umakankha oyilo pa gasiketi ndi pa masiilo, ndiye kumata silikoni n'kutaya nthawi. Ma Triumph oyambirira anali ndi kambale kozungulira kumapeto kwa camshaft (chitsulo chozungulira chomwe chimatsegula mavavu a injini) kotsegula ndi kutseka njira ya mpweya, koma kuyambira 1970 injini inayamba kupumira m'bokosi la tcheni cha pulayimale, chomwe chimalumikiza injini ndi kilatchi. Muzidziwa kaye chaka cha njinga musanaimasule.

Ambiri anayamikira reed valve, kavavu kolola mpweya kutuluka osabwereranso. Anati kazimangidwa pafupi ndi injini, pa breather (paipi yotulutsira mpweya wa mu crankcase) yaifupi komanso yotakata. Ine ndinakhutira nazo.

Za madzi zinandikhudza kwambiri, chifukwa njinga zambiri zomwe timakonza zimaonongekera m'galaja momwe. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso. Ambiri amatuluka ngati nthunzi ku ekizozi, koma ena amatsikira kunsi, ndipo akagunda chitsulo chozizira amasakanikirana ndi oyilo n'kukhala zoyera ngati chambiko. M'mamawa wa June ndi July kuno, paipi yaitali ya breather imatsekeka ndi zimenezi, mpweya n'kuyambanso kupanikiza. Mwini njinga amene amailiza mphindi zisanu n'kuizimitsa amaganiza kuti akuisamala, pamene akungoithira madzi. Ndi bwino aikwere ulendo woti oyilo atenthe mokwanira, apo ayi aisiye osailiza.

Panali kusiyana maganizo pa komwe paipi ya breather ithere. Ena amaibwezera ku thanki ya oyilo, ena amaika kabotolo kodikha. Ine ndili ku kabotolo, chifukwa zogweramo zili ndi madzi ndipo n'zoyenera kutaya.

Tinakumbutsidwanso kuti njinga yokhalitsa osayenda, oyilo wa m'thanki amatsikira mu crankcase. Mukailiza osamukhetsa, adzalavulira pa breather ndipo mudzanamizira maring'i.

Ndikupempha gulu kuti njinga yodontha ikabwera tiziyamba tauzira paipi ya breather ndi kuyeza kompuresheni (mphamvu yomwe mapisitoni amapanikizira mpweya m'masilinda) tisanagule gasiketi, komanso kuti thumba lathu ligule reed valve imodzi tiiyese pa Commando yomwe ili pagalaja.