Ana asukulu ayambe aona Lilongwe asanathamangire ku Salima

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya maulendo okaphunzira, ntchito zamanja ndi maphunziro a chikhalidwe m'sukulu zapulayimale za muno mu Lilongwe. Teremu ikamapita kumapeto makolo timalandira timakalata topempha ndalama za ulendo, koma sitifunsidwa maganizo, ndipo kawirikawiri sitiuzidwa chimene ana athu akukaphunzira kumene akupitako. Ndikulemba ngati kholo komanso ngati munthu amene wakhalapo m'komiti ya sukulu, choncho ndikudziwa bwino kuti aphunzitsi athu akugwira ntchito movutikira, ena ali ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi pamene boma lenilenilo limafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. Mawu angawa sakulozera chala aphunzitsi. Akupita kwa tonse amene timakonza teremu ya mwana.

M'sukulu zambiri mawu akuti ulendo ayamba kutanthauza chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi kukwera kosita kupita ku Senga Bay ku Salima. Ana amene makolo awo akwanitsa kulipira amanyamuka m'mbandakucha atanyamula mpunga ndi zakumwa, amakasambira, amajambulitsa zithunzi, n'kubwerako usiku atatopa, ndipo Lolemba lake palibe amene amawafunsa kuti anaona nsomba zanji, asodzi amagwiritsa ntchito maukonde otani, kapena chifukwa chake chambo chikusowa pamsika. Anzawo amene sanalipire amatsala pakhomo n'kumangomva nkhani. Sindikudana ndi nyanja, chifukwa mwana wobadwira ku Mtandire kapena ku Chinsapo ayenera kuiona ndi maso ake tsiku lina. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti pamene boma linachotsa fizi kupulayimale mu 1994, ana olembetsa n'kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, cholinga chinali chakuti umphawi usatsekereze mwana kuphunzira, koma maulendo okwera mtengowa akubweretsanso mwakachetechete kusiyana komwe kuja pakati pa mwana wa wolemera ndi mwana wa wosauka, ndipo akutero m'kalasi imodzi, pamaso pa mphunzitsi mmodzi.

Chodabwitsa n'chakuti mzinda wathu uno, umene unakhala likulu la dziko mu 1975 boma litasamuka ku Zomba, uli ndi malo ophunzirirapo ochuluka, ena ofikika ndi miyendo. Ndipereke chitsanzo cha madzi, poti nkhani imeneyi yokha ingathe kudzaza teremu yathunthu ya ana a sitandade 6 popanda kuchoka pa silabasi. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, madzi ake amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kenako amatsukidwa ndi kuthiridwa mankhwala ndi a Lilongwe Water Board asanafike pampopi kapena pakiyosiki pamene mwana amakaima pamzere m'mawa. Mphunzitsi angayambe sabata zoyambirira pouza mwana aliyense kuti awerenge ndowa zimene banja lake limagwiritsa ntchito patsiku, alembe mtengo wa ndowa imodzi, ndipo awerengetse ndalama zimene zimapita kumadzi pamwezi. Amenewo ndi masamu enieni, ndipo mayi ake akhoza kumuthandiza ngakhale sanapite patali ndi sukulu. Pakati pa teremu kalasi itsikire kumtsinje, ana a ku Kawale ndi ku Mchesi apite ku Lilongwe, a ku Mtandire apite ku Lingadzi, akaone okha majumbo ndi mabotolo amene akodwa m'mabango, anthu okumba mchenga m'mphepete, ndi mtundu wa madziwo akawatunga m'botolo loyera n'kuwasiya kuti adikhe. Pokhapo ndi pamene ulendo wa galimoto wopita ku Malingunde ungakhale ndi phindu, chifukwa mwana akupita ali ndi mafunso ake, ndipo akamva kuti mitengo ya ku Dzalanyama ikutha chifukwa cha makala, mpaka boma linatumizako asilikali kukalondera, adzazindikira kuti thumba la makala limene limafika pakhomo pawo panjinga likukhudzana ndi mpopi umene umauma mu Okutobala.

Malo ena safuna kufotokoza kwambiri. Nyumba ya Malamulo, imene inatsegulidwa mu 2010, manda a Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi nsanja yokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo zili moyandikana ku City Centre, moti kalasi ikhoza kuzizungulira tsiku limodzi. Pamanda paja palembedwa ngodya zinayi zimene akuluakulu timazikumbukira, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo mphunzitsi wanzeru sangasiyire pomwepo, adzafotokozanso chifukwa chake Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri pa 14 Juni 1993. Ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mphepete mwa Lingadzi, amasamalira nyama zopulumutsidwa kwa ozembetsa ndipo ali ndi anthu ophunzitsa ana asukulu. Ku Chitedze, malo ochitira kafukufuku wa zaulimi amene ali panjira ya ku Mchinji, mwana angaone kumene kunachokera mtedza wa CG7 umene agogo ake amalima, ndipo kulinso koleji ya zaulimi ya Bunda, msika wa fodya ku Kanengo ndi bwalo la ndege ku Lumbadzi.

Ndibwere tsopano ku ntchito za m'kalasi, chifukwa kumeneku ndiko kuli chinyengo chimene tonse tikuchidziwa koma tachizolowera. Mwana akauzidwa kuti abweretse tsache, chipande, mkeka kapena lichero kuti apatsidwe malikisi a Expressive Arts, kholo limangopita kumsika kukagula, mwana n'kupereka, mphunzitsi n'kulemba malikisi, ndipo amene bambo ake anagula lichero lokongola ndiye amapambana. Pamenepa mwana sanaphunzire kuluka. Waphunzira kuti malikisi amagulidwa, ndipo tisadzadabwe akadzakula. Chikhala bwino kuti ntchitoyo izichitikira pasukulu pomwepo, mphunzitsi akuona, ngakhale chinthucho chituluke chokhota. M'dera lililonse muli munthu wodziwa kuluka mphasa, kuumba mbiya kapena kusema mipini, ndipo ambiri mwa iwo angabwere mokondwa atapemphedwa mwaulemu kudzera kwa amfumu kapena kwa mkulu wa mudzi wa m'tauni. Dongo, mlaza, nsungwi ndi mawaya otha ntchito sizifuna ndalama zambiri.

Teremu yachiwiri, imene imagwa m'nyengo ya dzinja, ili ndi ntchito zake zosavuta. Botolo lapulasitiki lodulidwa kukamwa, loikidwa pamalo poyera kutali ndi denga ndi mitengo, limasanduka choyezera mvula. Ana awiriawiri azisinthana kuyeza madziwo ndi rula m'mawa uliwonse n'kulemba m'kope la kalasi, ndipo pofika mu Epulo adzakhala ndi chithunzi cha mvula ya dera lawo chimene adzipangira okha, n'kumatha kufanizira Januwale ndi Malichi popanda kuloweza. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, kutanthauza kuti nazale iyenera kufesedwa mu teremu yoyamba, m'machubu kapena m'mapaketi otha ntchito a shuga. Mwana amene wakanda yekha njere ya msangu kuti imere msanga, n'kuithirira mpaka kuiwokera, samaiwala chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pa mtengo umenewu, umene umayoyola masamba nthawi ya mvula pamene mitengo ina ikuphuka. Apa ndichenjezepo pang'ono kuti dimba la sukulu likhale la ana, zokolola zake zidziwike kumene zapita, chifukwa phunziro la ulimi likasanduka ganyu yaulere m'munda mwa munthu wina, makolo amataya chikhulupiriro ndipo kuchibwezeretsa kumavuta.

Nkhani ya chikhalidwe ndiyo imandipweteka mtima kwambiri. Pasukulu zambiri chikhalidwe chimakumbukiridwa pokhapokha kukubwera alendo, ndipo ana ochepa odziwa kuvina amachotsedwa m'kalasi sabata yonse kuti akonzekere chimtali kapena mganda wosangalatsa nduna kapena a bungwe, pamene ena onse ntchito yawo ndi kuwomba m'manja padzuwa. Alendo akachoka ng'oma zimabwerera kuofesi ya ahedi. Komatu chikhalidwe si magule okha. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika kaphikidwe ndi kadyedwe ka nsima pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a padziko lonse, ndipo ine ndikufunsa kuti ndi ana angati a m'tauni muno amene angafotokoze njira yonse kuchokera pa kukonola, kupeta, kuviika mphale, kuyanika mpaka kugayitsa ufa woyera, kapena kusiyanitsa mgaiwa ndi gramilu pa nkhani ya thanzi. Ndi angati amene anaonapo mfutso ukukonzedwa, kapena chimera cha thobwa chikumera? Mphunzitsi angatume ana kuti aliyense akafunse munthu wachikulire nthano imodzi, mwambi umodzi ndi dzina la kumudzi kwawo pamodzi ndi mfumu yake, akalembe m'Chichewa chabwino, kalasi n'kusonkhanitsa zonsezo m'kabuku kosokedwa ndi ulusi. Lachisanu lina agogo mmodzi abwere adzakhale pansi pa mtengo n'kuyamba kuti padangokhala, ana n'kuyankha kuti tilitonse, ndipo phunziro la Chichewa la tsiku limenelo lidzakhala lokwanira. Masewera monga phada, fulaye, nsikwa ndi bawo nawonso ali ndi malo ake, ndipo bawo amanola masamu kuposa mmene ambiri timaganizira.

Gule wamkulu afunika kumusamala mwapadera. UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndipo kuno kuchigawo chapakati ndi mbali ya moyo wathu, koma ali ndi eni ake ndi malamulo ake, moti si chinthu choti mphunzitsi angouza ana kuti asoke zigoba n'kumayerekeza pabwalo la sukulu. Njira yaulemu ndi kukambirana ndi mafumu, amene amadziwa zimene zinganenedwe poyera ndi zimene sizinganenedwe, ndipo m'madera ena mafumu omwewa agwiritsapo ntchito gule kukusa ana ojomba kuti apite kusukulu. Sukulu imene ili ndi mwayi wopeza galimoto ingachite bwino kupita ku Mua ku Dedza, ku Kungoni, malo amene anayambitsidwa ndi bambo Claude Boucher mu 1976, kumene chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao chimafotokozedwa mwadongosolo, kapena ku Chongoni kumene kuli malo 127 a zojambula zakale pamiyala, amene analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Tisaiwalenso kuti kalasi ya mu Lilongwe si ya Achewa okha. Muli mwana wa Chilhomwe amene kwawo amavina tchopa, wa Chiyao wodziwa beni, wa Chingoni wodziwa ingoma, wa Chitonga wodziwa malipenga, ndipo kulinso ana amene makolo awo, chifukwa cha chipembedzo, salola kuti avine magule ena. Oterewa asakakamizidwe kapena kunyozedwa, apatsidwe ntchito ina monga kulemba mbiri ya guleyo kapena kujambula zovala zake.

Ena anena kuti zonsezi n'zabwino koma nthawi palibe, poti mayeso a MANEB a sitandade 8 ndiwo amayeza sukulu, ndipo ahedi amafunsidwa za chiwerengero cha ana osankhidwa kupita kusekondale, osati za nazale. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo ndi chifukwa chake sindikunena kuti ana a sitandade 8 asiye kukonzekera mayeso. Koma kuyambira sitandade 3 mpaka 7 mpata ulipo, ndipo silabasi imene a Malawi Institute of Education ku Domasi anakonza imafuna kale kuti mwana aziphunzira pochita ndiponso aziyesedwa pang'onopang'ono teremu yonse. Chikusowa ndi kukonzekera msanga. Ndikupempha kuti pamsonkhano woyamba wa makolo ndi aphunzitsi, sabata yotsegulira, ahedi aziika poyera ntchito imodzi ya kalasi iliyonse, ulendo umodzi ndi mtengo wake, kuti makolo azisonkha pang'onopang'ono m'malo modzidzimutsidwa kumapeto kwa mwezi. Komiti ya sukulu ndi amayi a Mother Group, amene amadziwa bwino ana amasiye ndi ovutikitsitsa, aone mmene angawaphatikizire, ndipo ngati ndalama sizikukwana kuti kalasi yonse ipite, asankhe malo apafupi m'malo mosiya ena.

Kwa alangizi a sukulu zapulayimale, a PEA, ndi a ku ofesi ya maphunziro, pempho langa ndi lakuti musavomereze ulendo uliwonse musanaone pepala losonyeza phunziro limene ulendowo ukukwaniritsa, makalata a chilolezo ochokera kwa makolo, chiwerengero cha akuluakulu operekeza, kuphatikizapo mphunzitsi wamkazi kapena mayi woyang'anira atsikana, ndi mtundu wa galimoto imene anawo akwere. Ana asapakiridwe pa lole yopanda mipando, asayende usiku, ndipo kumene kuli madzi akuya pakhale munthu wamkulu wodziwa kusambira. Maulendo akutali aziikidwa mu teremu yachitatu, mvula itatha ndipo misewu ya fumbi yopita ku Malingunde kapena ku Chongoni itauma. Makampani a ku Kanengo ndi mabungwe a boma amene ali ndi mabasi onyamula antchito, amene amangokhala masana onse, angathandize sukulu zoyandikana nazo ngakhale kamodzi pa teremu, ndipo khonsolo ya mzinda ndiyo ingayitanitse zokambirana zimenezi chaka cha maphunziro chisanayambe.

Ine wanu,
Kholo lokhudzidwa,
Area 25, Lilongwe.