Kwa maanja opita kunyanja kukakumbukira tsiku la ukwati

Akonzi,

Tikupempha mpata m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi maanja omwe akukonza zopita kunyanja kukakumbukira tsiku lomwe adamanga ukwati. Ndife ogwira ntchito yolandira alendo m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo chizolowezi chimenechi chikutikondweretsa. Masiku ano bambo ndi mayi akakwanitsa zaka 5, 10 kapena 25 ali limodzi, ena sakuitananso chinamtindi cha anthu kuholo. Akungolongedza chikwama n'kulowera ku Salima, Mangochi kapena Chintheche awiriwiri. Chotidandaulitsa n'chakuti maulendo ambiri otere amaonongeka ndi zinthu zomwe zikadakonzeka ndi foni imodzi, ndipo ena amabwerera kwawo atanyamula matenda osadziwa.

Tiyambe ndi nyengo. Tsiku la ukwati silisuntha, koma gombe lopitako mukhoza kusankha mogwirizana ndi mwezi wake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imatha kukuntha masiku angapo osaleka. Nyanja imawinduka, mmawa kumazizira, ndipo eni maboti anzeru satuluka. Magombe oyang'ana kummawa monga Senga Bay ndi Chintheche ndiwo amalandira mafunde kwambiri. Cape Maclear imayang'ana kuzambwe chakumpoto, ndipo mapiri a ku Nankumba amaitchinjiriza, choncho omwe adakwatirana m'miyezi yozizira angachite bwino kupita kumeneko. Kuyang'ana kwa gombe kulinso ndi phindu lina: ku Senga Bay ndi ku Chintheche mumaona dzuwa likutuluka m'madzi mbandakucha, pomwe ku Cape Maclear mumaliona likulowa. Ofuna chithunzi cha madzulo atakhala patebulo pamchenga adziwiretu zimenezi.

Seputembala mpaka kumayambiriro a Novembala madzi amakhala bata ndi oyera, koma kutentha kwake n'koopsa. Ikamakwana 10 koloko mchenga umaotcha mapazi, ndipo chipinda cha malata chopanda fani usiku simugonamo. Dzinja mitengo ya zipinda imatsika, koma udzudzu umachuluka, mitsinje imathira matope m'nyanja, mpoto umabwera ndi mkuntho mwadzidzidzi masana, ndipo milatho ina ya mseu wa M5 imatha kukokoloka.

Pewani masiku a chikhamu. Pa Pasaka, pa Khrisimasi ndi pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, magombe amadzaza ndi mabasi a anthu obwera kudzasambira tsiku limodzi, aliyense ndi sipika yake. Ngati tsiku lanu lagwa pamenepo, sunthani ulendo ndi sabata imodzi. Pakati pa sabata kumakhala zii ndipo malo ambiri amavomera kukambirana mtengo, komabe funsani ngati kulibe msonkhano, chifukwa mahotela akuluakulu a ku Mangochi ndi Salima amalandira maphunziro a mabungwe, ndiye mumapezeka mukuima pamzere wa chakudya ndi anthu 80 ovala mabaji.

Usiku umodzi sukwanira. Malo ambiri amapereka chipinda cha m'ma 2 koloko masana n'kufuna kuti mutuluke 10 koloko mmawa mwake. Ndi maola 20 okha, theka lake mdima, ndipo mwafika mutatopa ndi ulendo. Ngati ndalama ndi zochepa, kuli bwino mausiku awiri pamalo aang'ono aukhondo kusiyana ndi usiku umodzi pahotela yodula. Ana ndi achibale atsale. Tikunena izi mwaulemu, koma mukangotenga mlamu ndi adzukulu, mayi amathera tsiku lonse kuyang'anira ana kumadzi, bambo kuwerengera mabilu a zakumwa.

Musanatumize ndalama, imbani foni ndipo funsani, pajatu safunsa adadya phula. Mtengo omwe mwauzidwa ndi wa munthu mmodzi kapena wa chipinda? Apa ndi pomwe pamabukira mkangano wambiri pakauntala, chifukwa banja limabwera litakonza theka la ndalama. Mtengowo uli ndi kadzutsa yekha, kadzutsa ndi chamadzulo, kapena chakudya chonse? VAT ndi msonkho wa zokopa alendo zawerengedwamo kale? Malo ambiri ali ndi mtengo wa nzika wosiyana ndi wa alendo akunja, choncho utchuleni ndipo nyamulani chiphaso cha unzika. Funsani zomwe zimachitika magetsi akazima: jenereta imayaka maola ati, ndipo imayendetsa fani ndi pampu ya madzi kapena mababu okha. Pemphani chithunzi cha chipinda ndi cha gombe chojambulidwa tsiku lomwelo, akutumizireni pa WhatsApp. Mu 2024 nyanja idakwera kwambiri n'kumiza magombe ndi zipinda zina ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ndiye zithunzi zakale za pa intaneti zikhoza kukuonetsani mchenga omwe lero uli pansi pa madzi.

Chenjerani ndi masamba abodza a pa Facebook otengera dzina la malo enieni. Ndalama ya chikole ipite ku akaunti ya kubanki kapena nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yomwe ikuonetsa dzina la malowo. Ikaonetsa dzina la munthu, imani kaye, mupeze nambala ina ya malowo mutsimikize. Sungani uthenga wa malipiro, ndipo akulembereni tsiku lofika, tsiku lochoka, mtundu wa chipinda ndi zomwe zingachitike mukalephera kubwera. Pomwepo nenani kuti mukukumbukira ukwati. Keke imafuna masiku awiri, chifukwa zipangizo zina zimachokera kutauni. Tebulo lapadera pamchenga ndi chipinda chakutali ndi bala sizivuta ngati mwaneneratu, koma zimakanika mukazipempha 6 koloko madzulo ophika ali kalikiliki.

Za ulendo. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 120 kudzera mseu wa M14. Kuchoka ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde kukafika ku Cape Maclear ndi oposa 250. Galimoto yodya lita imodzi pa makilomita 10 ifuna malita pafupifupi 24 kupita ndi kubwera ku Senga Bay, ndi oposa 50 ku Cape Maclear. Thirani okwanira ulendo wonse musananyamuke, popeza kunyanja mafuta akasowa amasoweratu. Odzera ku Dedza n'kutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti atsike ndi giya yaing'ono. Kupondereza mabuleki mtunda wonse kumawatenthetsa mpaka amaleka kugwira. Konzani zofika dzuwa lisanalowe, chifukwa m'misewu ya m'mbali mwa nyanja mumadzaza njinga zopanda nyali, mbuzi ndi anthu ochokera kumsika. Ofuna kupita ku Likoma pa Ilala kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's adziwe kuti sitimayi, yomwe yakhala ikuyenda kuyambira 1951, imazungulira kamodzi pa sabata ndipo nthawi yofika imasintha. Ulendo umenewo ndi wa omwe ali ndi tchuthi chotalika.

Kukwera boti ndiko kumakometsa ulendo, makamaka ku Cape Maclear, mkati mwa Lake Malawi National Park yomwe idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO idaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Boti limakufikitsani pachilumba cha Thumbi, pomwe nsomba zing'onozing'ono zotchedwa mbuna, zamawangamawanga, zabuluu ndi zachikasu, zimakuzungulirani m'miyendo pamadzi ofika m'chiuno. Woyendetsa amaimba mluzu n'kuponya kansomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kuchoka mumtengo kudzakawakha ndi zikhadabo pafupi ndi boti. Koma gwirizanani mtengo muli pamtunda: ndi wa boti lonse kapena wa munthu mmodzi, wa maola angati, ndipo ndalama yolowera m'paki ilimo kapena ayi. Musakwere boti lopanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense, nkhafi zosachepera ziwiri ndi chokapira madzi. Injini ikazima pakati pa nyanja, nkhafizo ndizo zimakubwezani. Jekete livalidwe ndi kumangidwa, lisakhale chokhalira. Pitani mmawa mphepo isanadzuke, ndipo woyendetsa akati lero nyanja siili bwino, musamukakamize ndi ndalama. Mowa ubwere mukatuluka m'madzi. Musasambire usiku kapena pafupi ndi mabango ndi pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja, chifukwa m'menemo ndi mokhala ng'ona ndi mvuu.

Nkhani yomwe yatilembetsa kalatayi makamaka ndi likodzo. Ambiri amaganiza kuti ndi matenda a ana a asodzi, ndipo malo ogona ena safuna kuitchula poopa kuthamangitsa alendo. Ife tikuona kuti kubisa n'kulakwira mlendo. Tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka pomwe pali udzu ndi mabango komanso pomwe anthu ambiri amachapa ndi kusamba. Tikatuluka mu nkhono timasambira n'kuboola khungu la munthu, ndipo sipafunika bala kapena kumwa madziwo. Mphindi zochepa zimakwana. Kudzipukuta ndi thaulo mukangotuluka sikokwanira kukutetezani. Madera a ku Cape Maclear ndi kummwera kwa nyanja amadziwika ndi vutoli. Kusambira pamadzi akuya, pamiyala, kutali ndi mudzi kumachepetsa chiopsezo koma sikuchithetsa. Funsaninso komwe madzi a kubafa amachokera. Ngati amapopedwa m'nyanja, ayenera kukhala m'thanki tsiku limodzi kapena awiri, kapena kutenthetsedwa, kuti tizilombo tife.

Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo cholakwika chofala ndi nthawi yomwera. Alendo ambiri amagula mapiritsi n'kumwa tsiku lochoka, poganiza kuti athana nazo. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, pomwe zomwe zangolowa kumene sizifa. Ayenera kumwedwa pakatha masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi. Mlingo wake umatengera sikelo ya munthu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Piritsi limodzi ndi mamiligalamu 600, choncho wolemera makilogalamu 60 amamwa mapiritsi anayi, atadya kaye, popeza amachititsa chizungulire ndi nseru. Pitani kuchipatala akakuyezeni sikelo ndi kukulemberani, nonse awiri, ndipo mayi woyembekezera anene kwa dokotala. Tsiku lomwe mwafika kunyumba lembani mufoni tsiku lopitira kuchipatala, chifukwa pakatha miyezi iwiri za kunyanja zimakhala zitaiwalika.

Tikulimbikira pa maanja pachifukwa ichi. Likodzo silionekera pokodza magazi pokha. Mwa amayi limatha kuyambitsa kupweteka m'chinena, kuyabwa, zotuluka zachilendo kumaliseche ndi kutaya magazi pang'ono pambuyo pokhala malo amodzi. Mwa abambo magazi amatha kuoneka mu umuna. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndipo zimabwera patapita miyezi, wina aliyense ataiwala zakuti adasambira. Banja lomwe lidapita kukakondwerera kukhulupirika kwawo limayamba kulozana zala pa chinthu chomwe adachitenga limodzi m'madzi amodzi. Mukaona zotere, uzani adokotala kuti mudali kunyanja ndipo mutchule mwezi wake.

Malungo ndiwo onse amawadziwa, koma kunyanja udzudzu ndi wochuluka kuposa ku Dedza kapena ku Mzuzu. Mukangolowa m'chipinda tambasulani neti muone ngati ilibe zibowo, ndipo ngati yang'ambika asinthe kusanade. Chakudya cha pamchenga chija chimagwa nthawi yomwe udzudzu umaluma, choncho valani zofika m'mapazi ndipo dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu. Thupi likatentha pakatha sabata kapena awiri, kayezetseni tsiku lomwelo. Abale omwe akhalitsa ku Britain kapena ku Johannesburg adziwe kuti thupi lawo lidaiwala malungo, ndipo ayambe mankhwala oteteza asanakwere ndege monga momwe dokotala wawo angawauzire.

Pa chakudya, chambo chachikulu chikusowa, ndipo m'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limaletsa makoka ena kuti nsomba ziswane. Itanitsani mmawa kuti ophika akafune, ndipo chikasowa yesani kampango wootcha kapena wophika ndi tomato, sakhumudwitsa. Musagule tiana ta chambo kwa ogulitsa m'mbali mwa mseu. Ofuna kutengera nsomba kunyumba agule tsiku lochoka, ayang'ane makha kuti ndi ofiira ndi maso kuti ndi owala, azitumbule n'kuziika m'bokosi la ayezi. Kuzimangirira pagalasi la galimoto n'kuyenda nazo maola anayi padzuwa la Okutobala n'kuziononga.

Nyamulani ndalama zapamanja zing'onozing'ono, popeza netiweki ikagwa makina a khadi sagwira ndipo mwini boti alibe chenji. Mukatuluka pagombe la hotela kulowa m'mudzi, kaya ku Chembe kaya ku Makawa, mayi amange chitenje ndipo bambo avale malaya. Ndi kwawo kwa anthu, ndipo ku Mangochi ambiri ndi Asilamu osunga mavalidwe. Pemphani musanajambule amayi akuchapa kapena ana akusamba.

Kwa anzathu eni malo ogona, tikupempha kuti mtengo wathunthu uzilembedwa poyera, misonkho ili momwemo, ndipo m'chipinda chilichonse mukhale pepala la Chichewa lofotokoza za likodzo, malo osayenera kusambira ndi chipatala chapafupi. Inunso akonzi, nyuzipepala yanu imasindikiza zotsatsa za magombe chaka chilichonse Pasaka ndi tsiku la anakubala zikamayandikira. Tikupempha kuti pambali pa zotsatsazo muziikapo ndime zingapo za achipatala zokhudza nthawi yoyenera kumwa praziquantel, ndi za apolisi a panyanja zokhudza majekete.

Ogwira ntchito yolandira alendo kunyanja,
Mangochi ndi Salima