Kalata yochokera ku South Bend

Okondedwa achimwene,

Landirani moni kuchokera kuno ku South Bend. Tonse tili bwino, ana akupita kusukulu, ndipo mlamu wanu akuti mupereke moni kunyumbako. Uthenga wanu ndinaulandira sabata yatha, koma ndinachedwa dala kuyankha chifukwa funso lanulo si loyankha ndi mawu awiri pa WhatsApp. Mukuti lendi ya ku Boston yakukwanani, mwamva kuti kuno kukugwa ndalama za Amazon, ndipo mukuganiza zosamuka kuti mudzayambe kabizinesi kanu. Ine ndingakondwe kwambiri mutabwera. Koma ndikufuna mubwere mukudziwa chimene mudzachipeze.

Zimene mwamvazo n'zoona. Mu Epulo 2024 Amazon inalengeza kuti iika madola 11 biliyoni ku New Carlisle, katauni kakang'ono kumadzulo kwa mzinda uno, ulendo wa theka la ola pagalimoto. Akumanga zinyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta, zimene eni ake amati data center. Chapafupi pomwepo General Motors ndi Samsung SDI anayamba kumanga fakitale ya mabatire a galimoto zoyendera magetsi, ya madola opitirira 3 biliyoni. Malo amene kale ndinkadutsa ndikuona chimanga ndi soya mpaka polekezera maso, lero kuli fumbi, zitsulo ndi malole osatha. Njanji ya South Shore Line yopita ku Chicago nayonso anaiwonjezera mzere wachiwiri m'chigawo china, ntchito inatha mu 2024, moti ulendo wafupikako.

Komabe anthu obadwira kuno akamva za kampani imodzi yaikulu sathamangira kuvina, ndipo ine ndinadzamvetsa chifukwa chake kudzera mwa mlamu wanu. Anasamalirapo agogo ena achizungu amene anagwira ntchito ku Studebaker akali mnyamata. M'mawa uliwonse akamawasambitsa ankamufotokozera nkhani imodzimodziyo, mpaka nafenso kunyumba tinaisunga pamtima. Studebaker inayamba mu 1852 ndi abale awiri osula zitsulo amene ankakhoma ngolo. Inakula mpaka kufika popanga galimoto, ndipo mabanja ambiri a mumzinda uno ankadyera kumeneko. Mu Disembala 1963, Khirisimasi ili pakhomo, fakitale inatsekedwa. Anthu pafupifupi 7,000 ntchito inawathera nthawi imodzi. Agogowo ankati chimene chinawapweteka koposa si malipiro ayi, koma kuona anzawo amene anakulira nawo limodzi akupakira katundu mmodzimmodzi. Mu 1960 mzinda uno unali ndi anthu 132,000. Pofika 2010 anatsala 101,000, ndipo nyumba zambiri zinali mabwinja. Mu 2011 magazini ya Newsweek inauika pa mndandanda wa mizinda imene ikufa.

Pete Buttigieg, amene munadzamudziwa akupikisana pa upulezidenti, anakhala meya wa kuno mu 2012 ali ndi zaka 29. Anayambitsa ntchito yokonza kapena kugwetsa nyumba zosiyidwa 1,000 m'masiku 1,000, n'kusinthanso misewu ya pakati pa tauni kuti galimoto ziziyenda mbali zonse ziwiri, anthu azitha kuima n'kulowa m'masitolo. Ena a m'madera osauka anadandaula kuti ntchitoyo inathamanga kwambiri, inawasiyira mabwalo a udzu pomwe panali anansi awo, ndipo dandaulo lawolo ndimalimva. Koma kalembera wa 2020 anapeza anthu 103,000. Ndi kukwera kochepa, koma kwa mzinda umene unazolowera kutsanzikana ndi ana ake, inali nkhani yaikulu.

Inenso ndinalawako zangazanga. Mukukumbukira kuti ndinkagwira ntchito ku Elkhart, kum'mawa kwa kuno, kumene amapanga nyumba zoyenda zija timangoti ma RV. Nthawi ya Covid anthu ankazigula ngati zitumbuwa. Mu 2021 mafakitale anatulutsa ma RV okwana 600,000, ovataimu inali mbwee, ine mpaka ndinayamba kukweza nyumba kumudzi. Pofika 2023 chiwerengerocho chinatsika mpaka 313,000. Tsiku lina kapitawo anangotiuza kuti tikapume kaye, adzatiitana. Masabata anadutsa foni ili zii. Anzanga okhalitsa ankati izi n'zochepa, mu 2009 ulova kumeneko unafika pafupifupi munthu mmodzi pa asanu alionse, mpaka Obama anachita kubwera yekha kudzalankhula nawo.

Masabata amenewo ndi amene anatibadwitsira kabizinesi kathu koyeretsa m'nyumba ndi m'maofesi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Ndalama za Amazon sizidzagogoda pakhomo panu. Data center imalemba anthu ambirimbiri pomanga, koma ikatha mumatsala makina ndi anthu ochepa owayang'anira. Pa madola 11 biliyoni aja kampaniyo inalonjeza ntchito zosachepera 1,000, ndipo zambiri mwa zimenezo zimafuna mapepala a zamagetsi kapena zamakompyuta. Fakitale ya mabatire ija tsiku loyamba ntchito analisuntha kale kuchoka mu 2026. Mwayi wa ife uli m'mbali mwake. Amisiri obwera kuchokera kutali amafuna pogona, chakudya chotentha, wowachapira ndi wowasesera. Okalamba akuchuluka, ana awo ali ku Indianapolis kapena ku Texas, ndiye pamafunika munthu wowasamalira ndi wowaperekeza kuchipatala. Ntchito zimenezi zinalipo Amazon isanabwere, ndipo zidzakhalapobe.

Kenaka pali Notre Dame. Yunivesite imeneyi yakhala kuno kuyambira 1842, ndipo Studebaker itagwa iyo inatsala chilili pamodzi ndi zipatala. Loweruka la mpira wawo wachimereka bwalo limadzaza anthu oposa 75,000, ambiri mwa iwo ofuna pogona. Eni nyumba amachita lendi kwa alendo kwa masiku awiri kapena atatu pa mtengo wokwera, ndipo Lamlungu madzulo nyumba zonsezo zimafuna woyeretsa. Ife makasitomala athu oyamba tinawapeza choncho. Mayi mmodzi anauza mnzake, mnzakeyo anatitengera ku ofesi ya mwamuna wake, ndipo lero tili ndi antchito atatu. Sitinalemere, koma palibenso munthu mmodzi amene angatitsekere chakudya ndi chiganizo chimodzi.

Kulembetsa bizinesi kuno si kovuta. Boma la Indiana lili ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa INBiz, pamene mumalembetsa kampani yanu (ya mtundu wotchedwa LLC) ndi madola pafupifupi 100. Nambala ya msonkho ya EIN mumaitenga kwaulere ku IRS, bungwe la boma lotolera misonkho; musalipire munthu aliyense kuti akutengereni. Kuli a Small Business Development Center ndi a SCORE amene amakhala nanu pansi n'kuona mapulani anu osakulipiritsani. Inshulansi musaizembe, chifukwa palibe ofesi ingakupatseni makiyi popanda pepala limenelo. Ngati mtima wanu uli pa kampani yosamalira anthu m'makomo mwawo, monga munanenera muja, dziwani kuti imafuna laisensi ya boma, ndipo ndalama zochokera ku Medicaid, thumba la boma lolipirira chisamaliro cha anthu opeza zochepa, zimabwera ntchito itagwiridwa kale pomwe antchito amafuna malipiro awo pa nthawi yake. Bwerani ndi ndalama yoti ikusungeni miyezi ingapo, ndipo ntchito yolembedwa musaitaye msanga.

Amalawi kuno tilipo ambiri, mwina kuposa m'mizinda ina ikuluikulu ya ku America. Maliro akagwa timasonkha, pa 6 Julaye timakumana, ndipo vani yathu yoyamba tinagula ndi ndalama ya chipereganyu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kuno simudzasenza nokha. Chokhacho, musadzatsegule bizinesi yodalira Amalawi okha. Ufa, usipa ndi kambuzi zimayenda ndithu, koma ogula ndi omwewo, ndipo m'bale akati ndidzakupatsani kumapeto kwa mwezi simungamukanize. Ndaona anthu abwino akudana chifukwa cha ngongole ya madola 40. Pitani mukaone ku Western Avenue mmene anzathu ochokera ku Mexico anachitira: malo awo odyera amalowamo aliyense.

Nyumba kuno n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ku Boston, ngakhale zayamba kukwera, koma malipironso ndi otsikirapo. Popanda galimoto simungagwire ntchito. Alimi a ku New Carlisle ambiri sakugona tulo poganizira za madzi a pansi pa nthaka, minda yawo ndi mabilu a magetsi, ndipo monga mwana wa mlimi sindingawanene kuti akulakwa. Walira mvula walira matope.

Pempho langa ndi loti mubwere kaye kudzacheza sabata imodzi musanalembe kalata yosiya ntchito. Mubwere mu Febuluwale, mudzaone sinowo yochokera ku nyanja ya Michigan mmene imakwiririra galimoto usiku umodzi. Mukatsika ndege ku Chicago mudzakwere sitima ya South Shore, imathera pabwalo la ndege la kuno, ndidzakuchingamirani pomwepo. Tidzapita ku New Carlisle, tidzadutsa pa chinyumba chotsala cha Studebaker, kenaka mudzakwere nane vani masiku awiri kuti mudzaone ntchitoyo ndi maso anu. Mabuku athu a ndalama ndidzakutsegulirani onse. Chipinda cha alendo chilipo, ndipo mlamu wanu wayamba kale kufunsa ngati mumakondabe nkhwani wotendera.

Ndine mnzanu wa kalekale,
kuno ku South Bend