Usanapereke ndalama za laputopu ija, tawerenga kaye mwana wanga

Mwana wanga,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndi mdzukulu wangayo ku Bangwe uko. Kuno ku Chilomoni tili bwino, amayi ako mwendo uja wayamba kusintha, dzulo anafika okha mpaka kumsika. Ndalemba chifukwa Lamulungu lija nkhani ya laputopu tinaisiya pakati, iwe unkathamangira minibasi kuopa mdima ine ndisanamalize, nde yakhala ikundizungulira m'mutu masiku onsewa. Chithunzi unanditumizira pa WhatsApp chija ndachiona, ndachikulitsa mpaka ndawerenga kastika kali pakona paja. Ndiyokongola zoona, yopyapyala, yasiliva, yatsopano m'katoni mwake. Koma kastikako kalembedwa Celeron, purosesa yotchipa yopanda mphamvu zambiri, ndipo papepala la mtengo alemba 4GB ndi 64GB. Imeneyo ayi mwana wanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndalama zimenezo ndikudziwa m'mene zabwerera, miyezi yonseyi wakhala ukuponya chipereganyu, kudzimana, nsapato za kuntchito zomwe zija. Ndipo kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chikungokwera, ukalakwitsa kugula lero sungati ndidzagulanso ina mwezi wamawa. Nchifukwa chake ndikulimbikira. Zaka zonse ndakhala mu shopu yotaipa ndi kupirinta ku Limbe kuja makina ambiri adutsa m'manja mwanga, ena anga, ena a makasitomala obwera akulira kuti asayimenti yakana kutseguka, nde zomwe ndikuuzezi ndazionera pa tebulo, sizongomva.

Choyamba dzifunse kuti chinthuchi chizigwira ntchito yanji. Iwe ndi sukulu ya akaunti yamadzulo, ndekuti Excel tsiku ndi tsiku, Word, ma PDF a manotsi, kalasi ya pa Zoom nthawi zina, mwinanso pulogalamu ngati Sage akadzafika nayo. Sukupanga mafilimu, sukusewera magemu. Nde sukufunika makina odula kwambiri, koma sukufunikanso kachidole. Pakati pamenepo.

Zinthu zoti uyang'ane zilipo zitatu ndipo zonse zili m'kati, sizioneka ndi maso pa shelefu.

RAM isachepere 8GB. RAM ili ngati tebulo logwirirapo ntchito, likachepa umangochotsa buku ili kuti uike linzake. Pa 4GB Windows yokha imadya gawo lalikulu, ukatsegula Chrome ndi Excel ndi Zoom pamodzi basi kamtondo kaja kayamba kuzungulira, aphunzitsi akufotokoza iwe sikirini yauma. Ufunsenso ngati RAM yake imatheka kuwonjezera, chifukwa tambiri topyapyala totchipati anachita kuwotcherera pa bodi, yomwe wagula nayo ndi yomweyo mpaka kufa kwake.

Chachiwiri posungira zinthu pakhale SSD, olo 256GB yokha ikukwanira. Hadi disiki yakale ija ili ndi mbale yozungulira m'kati, imachedwa komanso siimva kugwedezeka, nde taganiza mabampu a msewu wa ku Bangwe chili m'chikwama tsiku lililonse. Wogulitsa akakuuza kuti iyi ndi 1TB, yaikulu, ufunse kuti ndi SSD kapena hadi disiki. Bola 256GB ya SSD kusiyana ndi 1TB yozungulira. Ndipo 64GB ili pa yasiliva yako ija kawirikawiri imakhala ija amati eMMC, ili ngati memori khadi ya mufoni, Windows ikangopanga ma update angapo malo atha.

Chachitatu ndi purosesa, ubongo wa makinawo, apa ndipomwe anthu ambiri amagwera, nde werenga modekha. Ogulitsa amakonda kukuwa kuti Core i5! Core i7! ngati dzinalo ndi lokwanira. Ayi. Ma i5 alipo a mibadwo yambiri, iwo amati jenereshoni, ndipo umaidziwa poona nambala yotsatira kamzere. Ikalembedwa i5-3320M, 3 woyambayo akutanthauza jenereshoni yachitatu, makina a cha m'ma 2012, okalamba kuposa mdzukulu wangayo kutalitali. Ikalembedwa i5-8250U ndi jenereshoni ya 8, inatuluka 2017. Ikakhala i3-1115G4 ndi ya 11, ndipo i3 imeneyo imaisiya kutali i5 yachitatu ija olo dzina likuoneka laling'ono. Iwe usatsike pansi pa 8. Chifukwa chake nchakuti Microsoft inasiya kuisamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo lake imafuna purosesa ya Intel, kampani yopanga ma i3, i5 ndi i7 aja, kuyambira jenereshoni ya 8 kupita m'mwamba, kapena pa laputopu Ryzen ya kampani ya AMD kuyambira 3000 kupita m'mwamba. Anyamata ena amaikakamiza Windows 11 pa makina akale, ikayaka umaona ngati zonse zili bwino, koma imeneyo ndi ya chinyengo, tsiku lina ma update akhoza kungosiya. Nde usakhutire poti yayaka ndi Windows 11, uone nambala ya purosesa ndi maso ako. Ryzen 3 kapena Ryzen 5 usaiope, ndi yabwinobwino, anthu kuno anangozolowera dzina la Intel basi.

Tsono pa ndalama uli nazozo, yatsopano yokhala ndi zonse zitatuzi mwina siikwana. Ine maganizo anga, ndipo sindikukayika, pita ku za kaunjika koma za m'maofesi. Ndikunena Lenovo ThinkPad, Dell Latitude, HP EliteBook kapena ProBook. Amenewa ndi makina omwe makampani akunja amagulira antchito awo, akagwira zaka zingapo amawasintha nde amafika kuno. Ndi akuda, osakongola, anzako m'kalasi sadzakufunsa kuti wagula kuti, koma mahinjesi ake ndi olimba, kiyibodi yake ndi yabwino kutaipira, amatseguka ndi sikuludiraiva wamba ndipo zipangizo zake monga batire ndi chaja zimapezeka mtauni muno chifukwa alipo ambiri. Ukapeza ThinkPad T480, Latitude 5490 kapena EliteBook 840 G5 uime pamenepo uifunse bwinobwino. Zonse zitatuzi RAM yake imawonjezereka. Koma chenjera, zina mwa zomwezi zinatuluka ndi jenereshoni ya 7, nde dzina lisakugoneke, nambala ija uionebe.

Chromebook, laputopu yoyendera pulogalamu ya Google m'malo mwa Windows, akakuonetsa ungothokoza nkudutsa. Imatchipa inde, koma imadalira intaneti kwambiri ndipo mapulogalamu a Windows ngati Sage salowamo, bandulo yake ungaithe iwe?

Pa kukula kwake ndakhala ndikusinkhasinkha. Ya mainchesi 15.6 nthawi zambiri imakhala ndi manambala pambali ngati kakyuleta, zomwe munthu wa akaunti zimamuthandiza, koma ndi yolemera ndipo iwe uziyenda nayo kuchoka kuntchito kupita kusukulu kenako kukakwera minibasi usiku. Ine ndingasankhe ya 14, manambalawo ukawafuna timagulitsidwa patokha tolumikiza pa USB. Sikirini ikakhala 1920 x 1080 ndi bwino kuposa 1366 x 768, mizere ya Excel imaoneka yambiri ndipo maso satopa msanga.

Tsopano za batire, apa ndikuuze zomwe zinandionekera ine. Chaka china ndinagula laputopu ya pa shopu kwa mnyamata wina wooneka waulemu ndithu, anandionetsa ili pa chaja, yothamanga, yoyera, ndinalipira pompo. Kufika nayo ku shopu magetsi anathima masana, nayonso inathima nthawi yomweyo ngati wailesi, ndili pakati pa kalata ya kasitomala yofunsira ntchito yomwe amayenera kukapereka tsiku lomwelo. Bambo amene uja anangokhala pa benchi osayankhula, ine mtima unandiwawa kwambiri, mpaka lero ndimawakumbukira. Mnyamata uja foni yake sinapezekenso. Ndinachita kuyitanitsa batire ina, ndalama yomwe ndinkati ndapulumutsa inathera pomwepo nkuwonjezeranso. Nde iwe, kuno kwathu komwe magetsi amapita osatsanzika, laputopu yopanda batire yabwino ilibe ntchito. Ukafika uwauze azule chaja uione ikugwira yokha kwa kanthawi. Komanso pali njira yoti makinawo anene okha zoona: utsegule Command Prompt, kawindo kakuda ka mu Windows kolembamo malamulo, ulembe powercfg /batteryreport, ikupatsa lipoti, m'menemo muli design capacity, kutanthauza mphamvu yomwe batire inabadwa nayo, ndi full charge capacity, yomwe yatsala pano. Yachiwiriyo ikakhala theka la yoyambayo batire yatopa, atsitse mtengo kapena asinthe. Ukaonanso kuti pansi patukuka kapena pogwira ndi chala paja pakwera m'mwamba, batire yatupa, isiye.

Usachite manyazi kuiyesa, ndalama ndi zako. Wogulitsa amene akukufulumizitsa, amvekere mayi pali wina akubwera kudzaitenga pompano, musiye wina wakeyo aitenge. Kuona maso a nkhono nkudekha. Dina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, ituluka Task Manager, upite polembedwa Performance, pamenepo ikuuza purosesa yeniyeni, RAM ndi mtundu wa disiki, zomata pa chikuto zija aliyense akhoza kumata. Utsegule Notepad udine batani lililonse, lililonse ndithu, chifukwa kiyibodi yofa chilembo chimodzi imasowetsa mtendere. Uonenso kuti mzere wapamwamba ukuyamba QWERTY, zina zochokera ku France zimayamba AZERTY, za ku Germany zinasinthanitsa Y ndi Z, uzidzangolakwitsa potaipa. Ulowetse fulashi m'mabowo onse a USB, uyese kamera, sipika, pa mahedifoni, ulumikize Wi-Fi ya pafoni yako. Utsegule tsamba loyera uone ngati sikirini ilibe madontho kapena mizere. Uitseke nkuitsegula kangapo umve mahinjesi. Uiike pafupi ndi khutu umve fani, ikamalira ngati chigayo kapena kutentha isanagwire ntchito iliyonse pali vuto. Ndipo uwauze ayithimitse nkulowa mu BIOS, momwe mumakhala masetingi a makinawo Windows isanayake, iwe ukuona, ikafunsa pasiwedi yomwe iwo sakuidziwa usagule, makina otero amakhala okhomedwa ndi kampani yomwe anachokera kapena mwini wake akuwasakasaka.

Pamenepa ndiye nkhani ya risiti. Za pa Facebook zotchipa modabwitsa zija, zoti tikumane pa depoti, kapena tumizani kaye theka pa Mpamba kapena Airtel Money ndikusungireni, ayi mwana wanga, ndakukaniza. Gula pa shopu yoti mawa ukabwerera uipeza ili pomwepo. Risiti ikhale ndi dzina la shopu, deti, ndi serial number yomwe ili pansi pa laputopuyo, uyerekeze wekha kuti zikufanana. Waranti olo ya mwezi umodzi kapena itatu ailembe pa risiti pomwepo, ya pakamwa siigwira. Katundu wakuba akapezeka m'manja mwako apolisi sayamba ndi kufunsa kuti unali ndi mtima wabwino, ndipo ine sindikufuna kudzakuona ku polisi chifukwa cha kutchipa.

Ndalama usathere zonse pa makina. Usiyeko ina ya surge protector yeniyeni, osati ekisitenshoni wamba ya pamsika, chifukwa magetsi akamabwera amabwera ndi ukali, machaja ambiri ndawaona akupsa choncho. Olo uli nayo, akathima uzizula chaja pakhoma, akabwera udikire pang'ono. Chaja yakenso ikhale yeniyeni ya kampani yomweyo, zopepuka ngati mulibe kanthu zija zimaononga batire, ndipo pulagi yake ikhale ya mano atatu a makona ngati zathu, za ku Joni za mano ozungulira zimafuna adaputa nde zimangogwedera. Chikwama ugule chooneka wamba chokhala ndi siponji m'kati, osati cholembedwa HP kapena Dell kunja, mu Limbe madzulo chimenecho ndi chikwangwani choitana akuba. Mu minibasi chizikhala pamiyendo, kondakitala asachiike kumbuyo.

Za Office, ndekuti Word ndi Excel zija, ufunse kaye kusukulu, masukulu ena amapereka kudzera pa imelo ya sukulu. Zikakanika LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafailo a Word ndi Excel, ungayambire pamenepo. Mapulogalamu okuba oikidwa ndi anyamata a m'misika aja amabwera ndi ma virus, ndatsukapo makina ambiri chifukwa cha zimenezo. Ndipo asayimenti iliyonse uziisunga pawiri, pa fulashi ndi pa Google Drive, akaunti yako ya Gmail ija ili ndi 15GB yaulere yomwe ikungokhala. Ndaonapo mtsikana wa chaka chomaliza akulira mu shopu mwanga pulojekiti yonse itapita ndi disiki, sindifuna zimenezo zidzakugwere.

Kunyumbako usamaigwiritse ntchito pa bedi kapena pa bulangete, imapumira pansi, ukaitseka mphuno imatentha, makamaka kukatentha mu Okutobala ndi fumbi lija. Pa tebulo basi. Mdzukulu wangayo ndikumudziwa, adzafuna makatuni, sindikuletsa, koma umutsegulire akaunti yakeyake ndipo phala ndi tiyi zizikhala kutali.

Loweruka ndilibe chochita m'mawa. Ngati ungadikire masiku atatu okhawa, tikumane pa Ginnery Corner cha m'ma 9, tiyambire mtauni tione mashopu angapo kenako titsikire ku Limbe, tisagule pa shopu yoyamba. Ubwere ndi fulashi, mahedifoni, ndi bandulo pang'ono mufoni yoyesera Wi-Fi. Ndalama usayende nazo m'manja, zikhale mufoni mpaka titagwirizana mtengo. Ikaperewera pang'ono pa makina abwino ine ndi amayi ako takambirana kale, tiwonjezerapo, usadandaule nazo.

Amayi ako akuti mwanayo ubwere naye umusiye kuno tisanapite, amusowa, komanso ubweze kontena yawo ya ndiwo ija.

Ndine bambo ako.