Kuno Ziwala Zidadikira Chilolezo cha Boma

Singapore, 15 Disembala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Achimwene, alamu ndi ana onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kungoti thukuta silichoka m'thupi. Mvula ikugwa pafupifupi tsiku lililonse, yamabingu, koma ikangokata kutentha kumabwerera ngati Okutobala wa ku Mangochi. Ndikaiona ikungothera m'ngalande za simenti ndimalakalaka ikanagwera m'munda mwanu. Achimwene akuwerengereni kalatayi mofatsa, poti pa foni timangopatsana moni bandulo n'kutha.

Nthawi zonse mumandifunsa kuti anthu akuno amalima chiyani. Kulibe minda, Amayi. Dziko lonseli ndi mzinda umodzi, ndipo boma la Chiradzulu ndi lalikulu kuposa ilo, koma mwadzaza anthu oposa 6 miliyoni. Pa zakudya 100 zilizonse, zoposa 90 amagula kunja. Madzi ena amabwera pa paipi kuchokera ku Johor m'dziko la Malaysia, ena ndi omwe atuluka m'mabafa ndi m'zimbudzi n'kuyeretsedwanso, amawatchula NEWater. Musachite nseru, ambiri mwa amenewo amapita kumafakitale. Chomwe chandizunguza mutu chaka chino n'chakuti inu amene muli ndi munda, dimba ndi nyanja mudagona ndi njala mvula itadula, pomwe awa opanda ngakhale mzere umodzi wa chimanga chakudya amachita kutaya.

Chakachi chidayamba ndi kukwera kwa msonkho wa pogula zinthu, uja timati VAT kwathu. Pa 1 Januwale udachoka pa 8 kufika pa 9 peresenti. Adali atalengeza kalekale, tsiku lake lenileni, ndiye anthu adangong'ung'udza pang'ono n'kumalipira. Mu Epulo madzi nawo adakwera. Ndikukuuzani izi kuti mumvetse chifukwa chake miyezi ina ndalama imaperewera. Chipinda chomwe ndimagona ndi mnzanga wa ku Philippines lendi yake ingamange nyumba ya njerwa zowotcha kumudziko chaka chisanathe.

Pa 15 Meyi nduna yaikulu idasintha. A Lee Hsien Loong, omwe adalamula kuyambira 2004, mwana wa a Lee Kuan Yew amene adayamba kutsogolera dzikoli, adatula pansi udindo n'kuusiyira a Lawrence Wong, a zaka 51. Tidaonera mwambowo pa TV madzulo tikudya, m'mawa mwake aliyense ku ntchito, basi kufika pa nthawi yake. Kunalibe nsalu zachipani, kunalibe amayi ovina m'mbali mwa msewu. Ndidasirira, sindinama. Komabe musaganize kuti n'kumwamba. Chipani cholamula ndi chimodzimodzi kuyambira 1959, ndipo akuluwo sadapite kukapuma, adakali m'nduna momwemo. Ife alendo nkhani za ndale timangomvera. Chiphaso changa chimayenda ndi ntchito, ntchito ikatha nacho chatha, ndiye pakamwa ndimasunga.

Mwezi wa Juni sindidzauiwala. Sitima zikuluzikulu zidasiya kudutsa ku Red Sea poopa kuomberedwa, zikumazungulira kumunsi kwa South Africa, ndiye zimafika kuno mosokonekera, zambiri nthawi imodzi, zina n'kumadikira masiku panyanja. Maboti okoka sitima omwe ndimakonza injini zake sankapuma, nafenso sitinkapuma. Malata aja mudafolera kukhitchini adachokera pa ovataimu ya nthawi imeneyo. Mkati mwa chipwirikiti chimenecho ndi momwe ndidamvera za ndege ya a Chilima ku Chikangawa. Kuno tili patsogolo ndi maola 6, choncho inu mukamamvera nkhani za madzulo ine kumakhala kuli pakati pa usiku. Ndinkakhala pamasitepe foni ili kukhutu kuti ndisadzutse mnzanga. Panalibe woti n'kulira naye. Anzanga kuntchito Malawi amamusokoneza ndi Mali kapena Maldives.

Sabata yomweyo, pa 14 Juni, sitima yokumba mchenga idagunda ina yonyamula mafuta padoko la Pasir Panjang, matani pafupifupi 400 a mafuta akuda n'kutayikira m'nyanja. Fungo lake lidali ngati la phula wotentha, limalowa mpaka m'zovala. Magombe a ku Sentosa ndi East Coast Park adatsekedwa. Lamulungu lina ndidapita kukaona ndili chapatali. Mchenga woyera uja udali bii, ndipo amuna ovala zoyera thupi lonse, magolovesi ndi majombo, ankafosholera mchengawo m'matumba dzuwa lili paliwombo. Ambiri adali alendo anzathu. Ntchitoyo idatenga miyezi yoposa iwiri. Ine ndinkangoganiza za Monkey Bay, kuti zoterezi zitachitika panyanja yathu, pomwe anthu amamwa madzi omwewo, amasamba momwemo, ndiwo n'kuchokera momwemo, tingayambire pati?

Tsopano yoseketsa. Mu Julayi boma lidalengeza kuti mitundu 16 ya tizilombo ndi yololedwa kudya, kuphatikizapo nkhululu, ziwala ndi dzombe. Manyuzipepala adalemba ngati atulukira chinthu chachilendo. Mnzanga wina wachitchaina adandionetsa chithunzi pa foni nkhope atakwinya, nkumandifunsa ngati ndingayerekeze kulawa. Ndidamuuza kuti ine ndidakulira zomwezo, kuti mvula yoyamba ikagwa timatchera ngumbi pachulu, ndipo Amayi anga amazikazinga ndi mchere basi, mafuta zimatulutsa zokha. Sadakhulupirire mpaka ndidamuonetsa kanema yemwe adatumiza mlongo wanga. Koma iwo omwewo amadya tinsomba touma totchedwa ikan bilis, tofanana ndi usipa waung'ono, pamodzi ndi mpunga wophikira kokonati, mtedza ndi tsabola. Ndikapukwa kumudzi ndimagula timeneto, n'kutseka maso.

Ndikudziwa kuti mukudikira za Apapa. Adabweradi, pa 11 Sepitembala, ndipo tsiku lotsatira adachita Misa ku National Stadium, anthu ngati 50,000. Malo ankachita kugawa mwa maere ndipo ine sadandigwere, ndiye ndidaonera pa foni ngati inu nomwe. Ndi okalamba, zaka 87, amayenda pa njinga ya olumala, koma polankhula ndi akuluakulu a boma adawakumbutsa za ife ogwira ntchito ochokera kunja, kuti tizilandira malipiro oyenera. M'bale wina wa ku Bangladesh, Msilamu, yemwe amagona m'zipinda za anthu oposa khumi, ndiye adabwera kudzandiuza kuti mkulu wa mpingo wanu uja watitchula. Kolona yomwe mudapempha ndagula, koma sindinganame kuti adaidalitsa Apapa.

Pa 3 Okutobala khoti lidagamula a S. Iswaran, omwe adali nduna ya zamtengatenga, kuti akakhale kundende miyezi 12. Mlandu wake ndi kulandira mphatso kwa anthu amalonda ali pa udindo: matikiti a mpira ndi a mpikisano wa magalimoto, mabotolo a mowa, ulendo wa pandege, ngakhale njinga yakapalasa, zonse pamodzi zoposa madola 400,000 akuno. Patapita masiku anayi adakalowadi. Achimwene, apa ndikudziwa mukuseka, ndipo ndikudziwa chomwe mukuganiza. Ndisalembe.

Patangopita masiku awiri chigamulireni, pa 5 Okutobala, mahatchi adathamanga komaliza ku Kranji, masewero omwe adakhala zaka zoposa 180. Malowo boma likuwatenga kuti limangepo nyumba. Kuno malo sakhala chabe, ngakhale manda. Munthu akaikidwa m'nthaka amagona zaka 15 zokha, kenako amamufukula, mafupa n'kuwawotcha kapena kuwaikanso pamalo aang'ono ngati chipembedzo chake sichilola kuwotcha. Nditamva zimenezi ndidakumbukira manda a Ababa pansi pa mtengo wa masuku paja, momwe timakalambulira chaka ndi chaka popanda wotiwerengera zaka. Ndiye ndikunena poyera muli moyo, Amayi: kuno ndabwerera ntchito yokha. Chitandichitikira china chake, mudzandibweze kwathu. Ndidalembetsa kale inshuwalansi ya zimenezo, mapepala ake ndatumiza pa WhatsApp ya Achimwene. Musadandaule, sindikudwala.

Ndalama ndatumiza Lachisanu. Mugule feteleza wobereketsa msanga asadakwerenso, matumba awiri, yotsalayo fizi ya mwana wa mlongo wanga ndi mankhwala anu a BP. A malume muwapatseko ya sopo, koma nkhani ya boti ija adikire kaye, ndidzaiona ndekha injiniyo ndikabwera. Tchuthi ndapempha cha mu Epulo, sadandiyankhe. Ngumbi zikatuluka muyanike zambiri, mundisungire m'chigubu chotseka bwino kuti zisafumbwe.

Moni kwa onse, ndi kwa amayi a ku Limana ya kwanu omwe amandipempherera.

Ndine mwana wanu,
wachiwiri kubadwa