Kalata yotseguka kwa Mkulu wa bungwe la MANEB: ntchito ya m'dimba la sukulu iwerengedwe pa MSCE

Olemekezeka,

Ndikupempha kuti bungwe lanu liyambe kuwerengera, pa malikisi a MSCE, ntchito imene ophunzira amagwira ndi manja awo m'kati mwa chaka, ndipo muyambire pa phunziro la zaulimi. Pakadali pano tsogolo la mwana wa Fomu 4 limatsamira pa mapepala a masabata ochepa. Mayeso atabedwa n'kuimitsidwa mu Novembala 2020, ana onse anadikira mpaka Januwale 2021 kuti alembenso, ndipo panalibe china chilichonse chosonyeza zimene anachita kuyambira Fomu 3.

Mayeso a pulakitiko alipo, koma maola ochepa m'chipinda, mwana akuyang'ana dothi ndi mbewu zoikidwa pa tebulo, sangaonetse ngati amatha kufesa nazale, kupanga manyowa, kuzindikira ntchemberezandonda m'chimanga zisanafalikire, ndi kulemba m'kope ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Luso lotere limaoneka kuyambira kubzala mpaka kukolola, ndipo ndi limene ana ambiri amene sapeza malo ku yunivesite adzadyere.

Komabe njirayi ili ndi mbuna zake. Mu 2021 dziko la Zimbabwe linayamba kuwerengera CALA, ntchito za ophunzira zimene zinkatenga 30 peresenti ya malikisi a mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la dzikolo. Makolo anadandaula kuti ntchitozo zinachuluka, zinkadya ndalama za intaneti ndi zosindikizira, ndipo ena ankalipira anthu kuti awachitire ana awo, mpaka mu 2024 boma linazichotsa n'kuika mapulojekiti ochitikira pasukulu. Ife tiyambire pamene anzathuwo anathera. Pulojekiti ikhale imodzi, ichitikire m'dimba la sukulu mphunzitsi akuona, ndi zipangizo zopezeka ngakhale pa CDSS yakumudzi, chifukwa ikapita kunyumba tidzakhala tikuyesa thumba la kholo.

Nkhawa yoti aphunzitsi ena adzakondera ndi yoona, ndipo sindikuichepetsa. Ingathe ngati MANEB ilemba mlozo umodzi wopatsira malikisi, mothandizana ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, n'kumatumiza oyendera kuti akaone mabedi, makope ndi kufunsa ana okha mafunso. Yesani kaye m'sukulu zochepa m'chigawo chilichonse cha maphunziro, ndi gawo laling'ono la malikisi, ndipo zotsatira zake muzilengeze poyera kuti makolo ndi aphunzitsi adziweruzire okha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa zaulimi